Kaundula Wadzaza, Nanga Wogwira Choko Ali Kuti?

Mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya sekondale ya boma iliyonse mumapezeka zinthu ziwiri zimene zimasimba mbiri ya sukuluyo koposa munthu wina aliyense. Choyamba ndi kaundula, buku lija mumalembedwa mayina a ophunzira kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, anyamata paokha ndi atsikana paokha. Chachiwiri ndi chipepala chopachikidwa pakhoma chimene chimaonetsa mayina a aphunzitsi ndi phunziro limene aliyense wa iwo amaphunzitsa. Mlendo akafika pasukulu kawirikawiri amaonetsedwa kaundula, pakuti chiwerengero chikamakwera chimakondweretsa mtima ndipo chimamveka bwino pamsonkhano. Chipepala cha pakhoma chija ambiri sachiyang'ana, chonsecho ndi chimene chimaulula ngati ana olembedwa m'kaundulamo akuphunziradi kapena akungotha nsapato panjira. Cholakwa chachikulu pa kayendetsedwe ka sukulu za sekondale za boma m'Malawi ndi chakuti kwa zaka zambiri dziko lakhala likuchita changu podzaza kaundula koma likuzengereza podzaza chipepala cha pakhomacho.

Kuti nkhaniyi imveke bwino mpofunika kubwerera m'mbuyo pang'ono. Maphunziro a sekondale adachedwa kufika m'dziko muno. Sukulu ya Blantyre Secondary idatsegulidwa m'chaka cha 1940, ya Zomba Catholic mu 1942, ndipo ya Dedza, imene idali yoyamba kumangidwa ndi boma lenilenilo, idayamba mu 1951. Ya Mzuzu Government idatsatira mu 1959. Pamene dziko linkalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, malo adali ochepa kwambiri kotero kuti mwana akasankhidwa mbiri yake inkamveka mudzi wonse ndi midzi yoyandikana nayo. Ochepa osankhidwawo ankapeza zinthu zili m'malo mwake: aphunzitsi odziwa ntchito, ambiri a iwo ochokera kunja, mabuku, labotale ndiponso malo ogona. Kuipa kwa dongosolo limeneli kudali kwakuti unyinji wa ana unkatsala pakhomo, kuphatikizapo ana anzeru amene adakhoza bwino lomwe mayeso a pulayimale. Ena ankabwereza Sitandade 8 kawiri kapena katatu poyembekezera kuti mwina chaka china dzina lawo lituluka.

Pofuna kuthandiza otsalawo, boma lidakhazikitsa Malawi Correspondence College m'chaka cha 1965, imene mu 1987 idasinthidwa dzina nkukhala Malawi College of Distance Education. Kaphunziridwe ka kumeneko kadali kosiyana ndi ka m'sukulu zina zija. Wophunzira ankalandira timabuku tolembedwa mwadongosolo kuti aziwerenga payekha, ankamvera maphunziro ena pawayilesi ya MBC, ndipo ankasonkhana ndi anzake pamalo amene mphunzitsi wa pulayimale ankawayang'anira. Apa pali mfundo imene anthu ambiri amaiwala. Mphunzitsi wa pulayimale uja sadaikidwe pamalopo kuti aphunzitse masamu kapena sayansi ya Fomu 4 kuchokera m'mutu mwake. Mphunzitsi weniweni adali kabuku kaja, ndipo iye ntchito yake idali kutsogolera, kulimbikitsa ndi kusunga mwambo. M'kupita kwa nthawi malo amenewa adachuluka m'midzi, ambiri mwa iwo omangidwa ndi makolo amene adaumba ndi kuotcha njerwa ndi manja awo, ndipo adayamba kuoneka ngati sukulu zenizeni ngakhale kuti maziko ake adali ena.

Pamene izi zinkachitika, chiwerengero cha anthu m'dziko chinkakwera mosalekeza. Kalembera wa mu 1966 adapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni, wa mu 1987 pafupifupi 8 miliyoni, wa mu 1998 pafupifupi 10 miliyoni, wa mu 2008 adapeza 13 miliyoni, ndipo wa mu 2018 adapeza oposa 17.5 miliyoni, theka la iwo ali ana osakwana zaka 18. Kuwonjezera pamenepo, mu 1994 boma la Bakili Muluzi lidathetsa fizi m'sukulu za pulayimale. M'chaka chimodzi chokha ophunzira a pulayimale adachoka pa 1.9 miliyoni nkufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo boma lidalemba mwachangu aphunzitsi pafupifupi 20,000, ambiri a iwo osapita kukoleji. Palibe munthu wanzeru amene angadzudzule cholinga chotsegulira mwana wa mmphawi khomo la sukulu. Komabe mwana wolowa Sitandade 1 mu 1994 ankayembekezeka kugogoda pakhomo la Fomu 1 patatha zaka zisanu ndi zitatu. Khamu limeneli silidabwere ngati mbala usiku. Lidaoneka lidakali kutali, ndipo nthawi yokonzekera kulilandira idalipo.

Yankho lalikulu la boma lidabwera kumapeto kwa chaka cha 1998, pamene malo ophunzirirapo a MCDE aja adasandutsidwa sukulu za sekondale zoyendera za m'madera, zimene lero zimadziwika ndi dzina lakuti CDSS. Ganizo limeneli lidali ndi ubwino wake ndipo nkosayenera kuukana. Ana amene kale ankatchedwa olephera kusankhidwa adayamba kusankhidwa ndi Unduna wa Zamaphunziro monga anzawo, sukulu idafika pafupi ndi mudzi, ndipo chiwerengero cha ophunzira a sekondale m'mabuku a boma chidakwera tsiku limodzi. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chikwangwani cha pamsewu chidasintha, pamene aphunzitsi, zipinda ndi zipangizo zidatsala zomwe zija. Timabuku tija tidayamba kuzilala, ndipo mphunzitsi wa pulayimale amene dzulo adali woyang'anira chabe adadzuka m'mawa ali mphunzitsi wa Bayoloje, wa Jogalafe kapena wa masamu a Fomu 4. Ambiri a iwo maphunziro awo adalekezera pa MSCE, mayeso omwewo amene tsopano ankakonzekeretsa ana awo. Mlandu suli pa aphunzitsiwo ayi, pakuti ambiri adagwira ntchito modzipereka, kuwerenga usiku pa nyali chimene akaphunzitse m'mawa. Mlandu uli pa dongosolo limene lidawasenzetsa katundu wosalingana ndi nkhata yawo, kwinaku likuwachotsa ku pulayimale kumene ankafunikanso kwambiri.

Nkofunika kumvetsa chifukwa chake kusowa kwa aphunzitsi kumapweteka kwambiri ku sekondale. Ku pulayimale mphunzitsi mmodzi amaphunzitsidwa kuti athe kugwira kalasi yonse pa maphunziro osiyanasiyana. Ku sekondale zinthu siziyenda choncho, pakuti mphunzitsi amasulidwa pa phunziro limodzi kapena awiri basi. Motero kungogawa chiwerengero cha ophunzira ndi chiwerengero cha aphunzitsi kumanamiza. Tayerekezani sukulu ya makalasi anayi imene ili ndi aphunzitsi asanu ndi atatu. Papepala sukulu yotere imaoneka yokwanira, pakuti kalasi iliyonse ili ndi aphunzitsi awiri. Koma ngati asanu ndi mmodzi mwa iwo adaphunzira zilankhulo, mbiri yakale ndi Baibulo, ndiye kuti masamu, Bayoloje, Fizikisi, Kemisitiri ndi zaulimi zonse zatsamira pa anthu awiri. Mmodzi wa awiriwo akadwala, akasamutsidwa kapena akapita kumaliro, theka la maphunziro amenewa limaima. Mphunzitsi wamkulu amakakamizika kupempha wa Chichewa kuti agwirizire masamu, kapena kungochotsa phunziro lina pandandanda. Phunziro likachotsedwa chotere, mwana amene akadakhala dokotala kapena injiniya watsekeredwa njira asadadziwe nkomwe kuti njirayo idalipo. Kaundula sanena zimenezi, chifukwa iye amangowerenga mitu.

Sikuti boma silidachitepo kanthu pa nkhani yosula aphunzitsi. Kuyambira kale Chancellor College, imene idali nthambi ya Yunivesite ya Malawi, inkatulutsa aphunzitsi a digiri. Mu 1993 koleji ya Domasi idayamba kusula aphunzitsi a sekondale a dipuloma, ndipo kuyambira m'chaka cha 2000 idatsegula njira yakuti aphunzitsi a pulayimale amene ankaphunzitsa m'ma CDSS awonjezere maphunziro awo ali pantchito pomwepo. Yunivesite ya Mzuzu, imene idalandira ophunzira ake oyamba mu 1999, idayamba ndi maphunziro a uphunzitsi, ndipo mu 2017 koleji ya Nalikule idatsegulidwa ku Lilongwe. Zonsezi nzoyamikika. Koma munthu akayang'anitsitsa zaka zimenezi aona kuti mankhwala akhala akubwera matenda atakula kale. Chipinda chophunziriramo chimatha kumangidwa m'chilimwe chimodzi, pamene mphunzitsi wa dipuloma amatenga zaka zitatu ndipo wa digiri zinayi. Wofuna kutsegula sukulu ayenera kuyamba wadzala mphunzitsi, pakuti ndiye mbewu yochedwa kucha. Kuwonjezera apo, m'zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 mliri wa Edzi udalanda dziko aphunzitsi ambiri, ndipo ena, makamaka a sayansi ndi masamu, akhala akusiya choko nkupita kumene kuli malipiro abwino.

Vuto lina ndi la kagawidwe ka aphunzitsi amene alipowo. Sukulu za m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ndiponso za pamaboma, zimakopa aphunzitsi chifukwa kuli magetsi, madzi a m'mipope, zipatala ndi sukulu zabwino za ana awo. Sukulu ya kumudzi imene ilibe nyumba ya mphunzitsi, imene msewu wake umaduka mvula ikagwa, imalandira kalata yakuti kukubwera mphunzitsi koma munthuyo osaoneka, kapena amafika nkuyamba tsiku lomwelo kufunafuna njira yochokerapo. Nkovuta kumudzudzula munthu wotere, pakuti naye ali ndi banja lofuna kulisamala. Chodabwitsa nchakuti pa nthawi yomweyo pamakhala achinyamata amene adamaliza maphunziro a uphunzitsi koma akudikira zaka kuti boma liwalembe ntchito chifukwa cha kuchepa kwa ndalama. Motero mbali ina kuli kalasi yopanda mphunzitsi, mbali ina kuli mphunzitsi wopanda kalasi. Dziko limene lawononga chuma chake kusula munthu, kenaka nkumusiya akugulitsa mayunitsi pamsika pamene ana akungocheza m'kalasi, lataya kawiri.

Funso lotsatira ndi lakuti: kodi ndani amalembedwa m'kaundula wa sukulu iti? Chaka ndi chaka bungwe la MANEB limalembetsa mayeso a Sitandade 8, ndipo kwa zaka zambiri osankhidwa kupita ku sekondale za boma akhala osakwana theka la amene akhoza. Osankhidwawo amagawidwa monga mwa mmene akhozera. Opambana kwambiri amapita ku sukulu zotenga ana a dziko lonse monga Blantyre, Dedza, Lilongwe Girls ndi Mzuzu Government, kapena ku sukulu za mishoni zothandizidwa ndi boma. Otsatira amapita ku sukulu za m'maboma, ndipo unyinji umatumizidwa ku ma CDSS. Poyamba dongosolo limeneli limaoneka lachilungamo, pakuti aliyense amakolola chimene adafesa. Koma ana sayambira pamzere umodzi. Mwana amene makolo ake adamulipirira maphunziro apadera, amene amawerengera pa magetsi ndipo amadya asadapite kusukulu, sangafanane ndi mnzake amene adaphunzirira pansi pa mtengo ndipo madzulo ankapita kudimba kapena kukaweta mbuzi. Zotsatira zake nzakuti mwana amene akufunika thandizo lalikulu ndiye amatumizidwa kumene kuli aphunzitsi ochepa, kopanda labotale ndiponso kosowa mabuku. Patatha zaka zinayi onsewa amakhala pansi kulemba mayeso amodzimodzi a MSCE, ndipo zotsatira zikatuluka anthu amadabwa kuti ma CDSS ambiri atsalira. Palibe chodabwitsa pamenepa. Wothamanga wopanda nsapato paminga sayenera kufunsidwa chifukwa chimene wafikira mochedwa.

Kaundula yemweyo, akawerengedwa mofatsa, amaulula chinthu china chomvetsa chisoni. Munthu akayerekeza tsamba la Fomu 1 ndi la Fomu 4 m'sukulu zambiri za kumudzi, apeza kuti mzere wa atsikana wafupika koposa wa anyamata. Zifukwa zake nzodziwika. Sukulu imodzi yoyendera imatumikira midzi yotalikirana, ndipo mtsikana amene wayamba watunga madzi ndi kusesa amafika m'kalasi atatopa kale. Ena pothawa mtunda amachita lendi timanyumba pafupi ndi sukulu nkumadziphikira okha, kutali ndi maso a makolo, kumene njala ndi anthu oipa mtima zimawapeza mosavuta. Malamulo oteteza atsikana alipo. Kuyambira mu 1993 mtsikana amene watenga pathupi amaloledwa kubwerera kusukulu akabereka, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuti munthu asalowe m'banja asadakwanitse zaka 18. Koma lamulo lili m'buku silingamuperekeze mwana panjira. Pano mpamene nkhani ya aphunzitsi ikulowanso, pakuti aphunzitsi aakazi ambiri ali m'matauni. Mtsikana wa kumudzi akhoza kumaliza zaka zinayi osaonapo mayi ataima kutsogolo kwa kalasi akuphunzitsa masamu, ndiponso wopanda munthu womuuza zakukhosi pa zinthu zimene sangathe kuuza mphunzitsi wamwamuna. Fanizo la munthu wamoyo limalimbikitsa mwana koposa malangizo a pamsonkhano.

M'zaka zaposachedwapa khomo lapitirira kutseguka. Mu 2018 boma lidachotsa fizi ya maphunziro m'sukulu zake za sekondale, ngakhale kuti ndalama zina monga zogonera ndi za chitukuko cha pasukulu zidatsala. Kumapeto kwa chaka cha 2025 lidalengezanso kuti maphunziro a sekondale m'sukulu za boma akhala aulere kuyambira mu Januwale 2026. Kwa kholo limene linkagulitsa mbuzi kapena chimanga cha m'nkhokwe kuti mwana asabwezedwe, uwu ndi mpumulo weniweni. Koma akuluakulu adati walira mvula walira matope. Fizi ikachoka, ana amene akadasiyira panjira amakhalabe pasukulu, makalasi amadzaza, ndipo ndalama zimene sukulu inkagulira choko, mapepala ndi kulipira alonda ziyenera kuchokera kwina, pa nthawi yake. Kale lomwe sukulu zina za m'tauni zimaphunzitsa magulu awiri, lina m'mawa lina masana, ndipo zambiri zimatsegula makalasi a madzulo a ana osasankhidwa amene amalipira okha. Kawirikawiri wophunzitsa madzuloyo ndi yemwe uja adayamba m'mamawa. Munthu wotere adzachonga liti makope, ndipo adzakonzekera liti phunziro la mawa? Phunziro la 1994 ndi la 1998 nlakuti kutsegula khomo nkosavuta, chovuta ndi kukonza chimene mwana akachipeze m'katimo.

Alipo ena amene amatsutsa maganizo amenewa, ndipo mawu awo ngoyenera kuwamvera. Iwo amati dziko losauka silingadikire kuti zonse zikwanire lisadatsegule sukulu, pakuti podikirapo mbadwo wonse ukadakalamba osaona Fomu 1. Amatinso sukulu yoperewera iposa kusowa sukulu, ndipo amaloza anamwino, aphunzitsi, apolisi ndi ena omaliza ku yunivesite amene adadzera m'ma CDSS. Zonsezi nzoona, ndipo anthu amenewo ngoyenera ulemu waukulu chifukwa adakwera phiri ndi katundu pamutu. Koma kupambana kwa ochepa kusaphimbe kugwa kwa ambiri amene adatha zaka zinayi nkubwerera kumudzi chimanjamanja, makolo atagulitsa ziweto zawo. Ndiponso chimene chidali chovomerezeka ngati njira yongogwirizira mu 1998 sichingakhale chovomerezeka mpaka muyaya. Msasa umamangidwa kuti munthu abisalemo mvula pamene akumanga nyumba. Ukatha zaka zoposa makumi awiri ndi zisanu anthu akugonabe momwemo, ndiye kuti mwini wake adaiwala zomanga.

Njira zokonzera zinthu sizobisika. Poyamba, sukulu iziyezedwa ndi aphunzitsi oyenerera a phunziro lililonse, osati ndi chiwerengero cha aphunzitsi onse pamodzi, ndipo zimenezi zizidziwika kwa makolo monga mmene zotsatira za mayeso zimadziwikira. Chachiwiri, pomanga sukulu yatsopano, nyumba ya mphunzitsi ndi labotale ziziwerengedwa pamodzi ndi chipinda chophunziriramo, pakuti chipinda chopanda mphunzitsi ndi chigoba chabe. Chachitatu, popeza kalembera ndi kaundula wa pulayimale zimaneneratu kuchuluka kwa ana amene adzafune Fomu 1 zaka zikubwerazo, makoleji azitenga ophunzira molingana ndi chiwerengero chimenecho, makamaka a masamu ndi sayansi, ndipo omaliza azilembedwa ntchito msanga. Chachinayi, mphunzitsi wovomera kukagwira ntchito kudera lovuta azipatsidwa chomulimbikitsa chooneka, monga nyumba yabwino ndi mwayi wokwezedwa kapena wowonjezera maphunziro. Makolo nawonso ali ndi mbali yawo. Anthu amene adaumba njerwa ndi manja awo ali ndi ufulu wofunsa pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi kuti amene akuphunzitsa ana awo Kemisitiri ndani, ndipo adaphunzira kuti.

Mwana amene dzina lake latuluka pamndandanda wa osankhidwa amapita kusukulu atanyamula chiyembekezo cha banja lonse. Iye wachita mbali yake: wadzuka m'mamawa, wayenda mtunda, wakhala pa desiki ndipo wayankha dzina lake likaitanidwa. Chimene akudikira ndi munthu wodziwa phunzirolo kuti alowe pakhomo ndi choko m'manja. Belu likalira koma pakhomopo osalowa munthu, kaundula adzalemba kuti mwanayo adalipo tsiku limenelo, koma sadzalemba kuti adabwerera kwawo monga adabwerera. Nchifukwa chake mlendo aliyense wofika pasukulu, kaya ndi nduna, phungu, mfumu kapena kholo, akamaliza kuyamikira kaundula ayenera kutembenuka nkuwerenganso chipepala cha pakhoma chija.